Damu la a Dyson

A Dyson Kamtedza sankakhulupirira abusa, ndipo madokotala ndiye sankawawerengera n'komwe. Koma anthu awiri abodza akanena chinthu chimodzi asanapangane, munthu umayamba kutchera khutu. Dokotala wa ku Birmingham anawauza kuti mtima wawo watopa. Sabata yomweyo Abusa Osborne, a mpingo wa Amalawi wa ku Handsworth, anawayang'ana m'maso polalikira n'kunena kuti chitseko sichikhala chotsegula mpaka kalekale. A Dyson anabwerera kunyumba kwa mwana wawo Zelipa ku Erdington, anakhala pampando wa pawindo, ndipo pofika madzulo anali atagamula. Abatizidwa asanakwere ndege yobwerera ku Dedza Lachiwiri la sabata inayo.

"Koma osati m'bafa," anatero.

Mpingowo unkabwereka tchalitchi cha azungu chokhala ndi thanki pansi pa guwa, madzi ake otenthetsa ndi magetsi.

"Ine si mbatata yoti muwiritse m'poto. Malemu mayi ako anabatizidwa mu Linthipe, madzi akuyenda, machimo n'kutsetsereka nawo kumunsi. M'thanki lanulo machimo a munthu woyamba amangokhala momwemo kudikira wachiwiri."

Zelipa anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inapitirira kuseka kutatha. Mayi ake anapempherera tsiku limeneli mpaka kulowa m'manda osaliona.

Zelipayu ankagwira ntchito ku ofesi ya boma yoona za madzi. Ntchito yakeyo a Dyson ankaimva koma sankaivomereza. Akuti kuno munthu sungangopopa madzi ambiri mumtsinje ngakhale ukudutsa m'munda mwako momwe. Pamafunika laisensi yonena kuchuluka kwa madzi amene ungatenge, komanso nthawi yoti usiye. Chaka chimenecho mvula inakana, udzu wa m'mapaki unafiira ngati wa ku Golomoti mu Okutobala, ndipo Zelipa ankachoka m'mamawa atavala magambutsi kukayenda m'mafamu kuuza alimi kuti azimitse mapampu. Ankabwerako atatukwanidwa, fumbi lili mbuu.

"Ndinakuphunzitsa sukulu ndi kachewere wothirira," ankatero a Dyson, "kuti lero uzikatsekera madzi alimi anzanga?"

"Sinditseka, Ababa. Ndimagawa. Wakumtunda akamwa onse, wakumunsi amwa chiyani?"

"Boma likati likugawa, gwira thumba lako."

Malo obatizira anawapeza ndi Bupe, mwamuna wa ku Zambia wamtali ngati mlongoti, amene nayenso ankadikira ubatizo. Bupe ankagwira ntchito ya kheya, kusamalira gogo wina wachizungu woweta mahatchi kuseri kwa Tamworth, ndipo kumunsi kwa khola la gogoyo kunkadutsa kamtsinje. Gogoyo anavomera kuti anthu a mpingo abwere Loweruka. Lachisanu masana Bupe anatenga Abusa ndi a Dyson pa vani kukaona malowo.

Atafika, anatsikira kumtsinje. Chilala chinali chitamwa mtsinjewo. Madzi ankangoyenda pakati pa miyala, olekeza m'kakolo.

"Apa sindingabatize ngakhale nkhuku," anatero Abusa Osborne. "Madala, tibwerere ku thanki basi."

A Dyson anasendera m'mbali mwa madziwo. Maso awo anali pamalo ena chakumunsi pang'ono, pamene mizu ya mitengo iwiri ikuluikulu inapanikiza mtsinjewo n'kuusandutsa khosi lopapatiza. Mtima wotopa uja unayamba kugunda ngati wa mnyamata. Khosi lotere analidziwa. Kwawo chilimwe chilichonse ankatseka khosi longa lomweli kuti madzi akwere kudimba.

"Iwe Bupe, matumba a chakudya cha mahatchi aja ndawaona m'kholamo, ali ndi ntchito?"

"Ngotaya, madala."

"Fosholo ilipo? Wilibala? Imbira anzako onse amene sali pa shifiti. Mawa pano pakhala dziwe loti iweyo umire mpaka tsitsi."

Zinayenda ngati moto wolusa pa udzu wouma. Pasanapite nthawi magalimoto anali atafika, amuna ndi akazi ena akadali m'mayunifomu a kheya. Ena ankakumba dothi, ena kudzaza matumba, ena kuwapatsirana m'manja atafola mzere, nyimbo ikuyenda. A Dyson anaima pa muzu, buluku atapinda, akukalipa ndi chimwemwe.

"Osaunjika ngati zovala zakuda! Lukanitsani, lapamwamba likhale pa mpata wa awiri apansi! Pondapo iwe, uli ndi thupi la chiyani?"

Chibwerere ku England palibe anali atawafunsapo nzeru pa kanthu kalikonse. Ngakhale ketulo mwana ankachita kuwaphunzitsa kuyatsa. Lero anamwino ophunzira ankathamanga akamva mawu awo. Anakhoma mitengo kuseri kwa matumba, anayala pulasitiki wakuda kutsogolo, ndipo dzuwa lisanalowe madzi anali atayamba kukwera, akumeza miyala umodziumodzi.

"Mawu amodzi okha," anatero a Dyson asanakwere vani. "Zelipa musamuuze. Ndi mwana wanga inde, koma ndi boma. Boma ukaliuza kanthu limati dikira, ndipo ine ndege yanga sidikira."

Loweruka m'mawa dziwe linali litadzaza, lili mbee kunyezimira pansi pa mitengo. Amayi anatsika m'basi atavala zoyera, ataliona anayamba nthungululu. Bupe analowamo kuyesa, madzi anamufika pachifuwa. Anthu ankagwira a Dyson chanza ngati mkwati. Iwo anali atavala mkanjo woyera wobwereka, wowatalikira, chifukwa anali munthu wamfupi kwambiri, koma tsiku limenelo ankayenda ngati wamtali.

Zelipa anabwera mochedwerapo pa galimoto yake, atavala chitenje chatsopano, m'manja muli thaulo ndi zovala zouma za bambo ake. Sabata imeneyo foni ya ngozi ya ku ofesi inali ndi iye. Anatsika kanjira akumwetulira, akuyankha moni uku ndi uku, kenako anaima ngati waponda minga. A Dyson anaona kuti sakuyang'ana dziwe. Ankayang'ana kumunsi kwa matumba, kumene kunalibe mtsinje. Kunali miyala yokhayokha ndi matope ong'aluka.

Nthawi yomweyo foni ija inalira. Zelipa anamvetsera, anayankha m'Chingerezi mawu ochepa, n'kuibweza m'chikwama. Nyimbo inali itazima yokha.

"Ameneyo ndi Shannon, mnzanga wa ku ntchito," anatero mokweza kuti onse amve. "Akuti chipangizo chathu choyezera madzi kumunsi uku chikusonyeza kuti madzi atsika kuyambira dzulo madzulo. Mzungu wina wowedza waimba kuti nsomba zikufera m'zithaphwi. Ku ofesi akuganiza kuti pali mlimi amene akuba mtsinje. Ndamuuza kuti asavutike kufufuza, ndaima pomwepo." Anapumira m'mwamba. "Wamanga ichi ndani?"

Abusa Osborne anayamba kufufuza kanthu m'Baibulo mwawo. "Ine, mayi, dzulo ndinangobwera kudzaona malo."

Ndi mmene alili abusa. Pa nthungululu amakhala patsogolo, pa mlandu amasanduka alendo.

"Ndamanga ndine," anatero a Dyson. "Ndipo tayang'ana, silikudontha ngakhale dontho."

"Ndicho chifukwa chake nsomba zikufa, Ababa. Kutseka mtsinje popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale pamalo pa mwini wake. Ine sabata yonseyi ndakhala ndikuzimitsa mapampu a anthu amene mbewu zawo zikuuma, ena akundilirira pamaso, kuti kamadzi aka katsale kakuyenda. Inu mwakatenga konse."

"Tabwereka tsiku limodzi lokha!"

"Mwaiwala chaka chija a Chimbalanga anatseka mtsinje kumtunda kwa dimba lathu? Munapita ndi chikwanje."

"Zimenezo n'zina. Uja anali wakuba."

Wina anaseka kumbuyo n'kudzigwira pakamwa. Zelipa sanaseke. Anagwira bambo ake padzanja n'kutsika nawo kuseri kwa damu, chitenje chikukwekwereza m'matope. Pansi pa muzu panatsala kachithaphwi kofunda. Munali tinsomba tothithikana, titatukula pakamwa pamwamba pa madzi, tikuyasamula ndi kutseka, kuyasamula ndi kutseka. Tiwiri tinali titagona kale chagada. A Dyson anayang'ana pakamwa pa tinsombato ndipo sanakonde zimene anaona. Ndi mmene iwo ankapumira akafika pamwamba pa masitepe a nyumba ya ku Erdington.

Manyazi anawasandukira mkwiyo.

"Chabwino! Boma lafuna, boma litenge! Ndife wosabatizidwa, ukakondwe!" Anagwira mtengo wapakati, umene unachirikiza damu lonse, n'kuyamba kuugwedeza.

"Siyani!" Zelipa anakuwa mawu amene a Dyson anali asanawamvepo mwa mwana wawo. "Mukagumula kamodzi, madzi onsewa apita ndi matope, akatsamwitsa nsomba zimene zatsala, akagumulanso magombe a anthu. Inunso akukokololani. Timachotsa mzere wapamwamba wokha wa matumba, madzi atsike bwinobwino, kenako mzere wina. Pang'onopang'ono."

"Mayi Zelipa," anatero Abusa atapezanso mawu awo, "nanga mutangotipatsa ola limodzi, tibatize kaye mwadongosolo?"

"Sindingakupatseni ngakhale nyimbo imodzi. Mzere woyamba ukuchoka pompano."

Anavula nsapato, anamanga chitenje m'chiuno, anakwera pa matumba n'kunyamula loyamba yekha. Madzi anatsetsereka pa mpatawo n'kugwera pa miyala youma, phokoso lake ngati kuwomba m'manja. A Dyson anakhala pa muzu, mkanjo uli matope okhaokha. Basi zatha. Lachiwiri akwera ndege monga anabwerera, ndi mtima wotopa ndi katundu yense wa zaka zawo.

Zelipa ananyamula thumba lachiwiri, kenako anaima nalo, akuyang'ana dziwe ndi anthu a mikanjo yoyera amene anafola m'mbali, maso ali gwa. Ankayang'ana ngati mmene amayang'anira mtsinje wochepa umene alimi ambiri akuufuna.

"Madziwa satha nthawi imodzi," anatero. "Atsika mzere ndi mzere. Ine sindiima, koma sindinaletse munthu kulowa m'madzi amene akutsika. Abusa, lowani. Obatizidwa nonse, folani potengera msinkhu. Aatali ayambe madzi akadali ambiri, aafupi kumapeto."

Kunali chipwirikiti chosaiwalika. Anthu akuluakulu ankayezana misana ngati ana a sukulu pa mzere wa phala.

"Vula nsapatozo, Walusungu, ukubera!"

"Nanga ife onenepa tiime pati? Mukuyeza m'litali mokha, m'lifupi ayi?"

"Wigi siwerengedwa, asisi!"

A Dyson anadzuka n'kukaima kutsogolo kwa Bupe. "Ine ndine wamkulu pano. Damu ndi langa. Ndiyamba ndine."

"Ababa, inu madzi a m'maondo akukwanirani. Bupe akatsalira, timumiza mu chiyani? Pitani kumapeto."

"Ukundiika kumchira pamaso pa anthu?"

"Ndikugawa, Ababa."

Anapita kumapeto akung'ung'udza, kumbuyo kwa kamtsikana ka ku Zomba kamene kanawaposa ndi chala chimodzi chokha.

Abusa Osborne analowa m'madzi, anakweza dzanja n'kuyamba pemphero la masiku onse, lija loyambira pa Adamu.

"Abusa, mzere wachiwiri ukuchoka!" anakuwa Zelipa.

Pempherolo linadumpha aneneri onse n'kufika pa ameni. Bupe anamira, anavuuka akukuwa m'Chibemba, ndipo asanapukute n'kumaso komwe Zelipa anali atamuitana kuti adzathandize kunyamula matumba. Amayi anayambitsa nyimbo yothamanga, m'manja mukuwombedwa ngati pa chinkhoswe. Munthu ankalowa, kufunsidwa, kuvomera, kumira, kutuluka, wina ali kale m'madzi. Aliyense wotuluka ankathamangira ku damu, mkanjo ukuchucha, kukalandira thumba. Chiyambire mpingowo sunaonepo ubatizo wa liwiro lotere, ndipo a Dyson anadzapeza kuti nawonso akuwomba m'manja.

Koma diso lawo linali pa thupi la Abusa, chifukwa ndi pamene pankaoneka zoona. Madzi anachoka pachifuwa n'kufika m'chiuno. Anachoka m'chiuno n'kufika m'ntchafu. Mayi wonenepa amene anadandaula pamzere uja anavuta, anachita kumizidwa kawiri chifukwa phewa linatsalira kunja, ndipo pamene amatuluka, maondo a Abusa anali atayamba kuonekera. Kamtsikana ka ku Zomba anachita kukagoneka ngati mwana wosambitsidwa.

"Madala, thamangani!"

A Dyson analowa. Madzi sanafike n'komwe m'maondo mwawo. Anayankha mafunso mofulumira, ndipo Abusa anawagoneka chagada. Msana unakhudza matope. Anatsinzina, akudikira kuti madzi awakwirire. Sanawakwirire. Mphuno ndi mimba zinatsala kunja ngati zilumba ziwiri.

Abusa anakanikiza mimba, maondo anatumphuka. Anakanikiza maondo, mutu unadzuka. Wina analephera kupirira, anaphulika kuseka, ndipo gombe lonse linatsatira.

"Sizitheka, madala," ananong'ona Abusa. "Mpingo wathu umamiza thupi lonse. Chatsala kunja sichinabatizidwe."

A Dyson anakhala tsonga m'matopemo. Kuseka kunazima anthu ataona nkhope yawo. Sankaonekanso wokalipa. Ankaoneka nkhalamba yonyowa, yopuma movutikira, yakutali ndi kwawo.

"Bwerani nawoni kuno!" Anali Zelipa. Anaima pakhosi paja, pakati pa mizu iwiri, pamene panatsala mzere umodzi wokha wa matumba. "Fulumirani! Mtsinje umazama pamene wapanikizika. Agonekeni kumunsi kwa matumbawa, mutu chakuno. Madzi atsalawa ndi ochepa, savulaza nsomba, koma onse adutsa pakhosi pano nthawi imodzi. Abusa, mawu anu akhale okonzeka, chifukwa sabwereranso."

Anawanyamula m'mwamba ngati mtolo, anawagoneka m'ngalande yopapatiza ija, mizu ikuwakhudza mapewa onse awiri. A Dyson ankaona masamba a mitengo kumwamba, ndi nkhope ya mwana wawo itazondoka, matope ali pachipumi.

"Tsekani mphuno, Ababa. Bupe, gwira uko. Tiyeni, Abusa!"

Abusa anayamba, "M'dzina la Atate," ndipo matumba apakati ananyamuka. Madzi ozizira ngati a m'firiji anawagwera pamutu, anadutsa pankhope, pachifuwa, pamimba, mpaka kuzala za kumapazi. Kunada. Anamva mtsinje ukuwakoka mkanjo, ukuwapecha m'makutu, ukuthamangira kumunsi. Kenako manja anawadzutsa, ndipo nthungululu zinang'amba mlengalenga, mahatchi a gogo uja n'kuyamba kuthamanga m'khola.

"Ndinamira thupi lonse?" anafunsa a Dyson akutsokomola. "Musandinamize. Mimba inalowa?"

"Inalowa, madala!" anakuwa Bupe. "Ndi mchombo womwe!"

Anatembenuka kuyang'ana kumunsi. Madzi amene anawadutsa aja anali akuyenda pakati pa miyala, akulowa m'kachithaphwi ka pansi pa muzu, akupitirira kukhota kuseri kwa mitengo. Dziwe lawo lokongola linali litatha. Panatsala kamtsinje konyozeka komwe kaja, kolekeza m'kakolo.

Zelipa anawafunditsa thaulo n'kuwakhazika pa udzu. Anawapatsa zovala zouma zija. Foni inaliranso, analankhula pang'ono, n'kukhala pansi pambali pawo.

"Shannon ali kumunsi ndi makina opopera mpweya m'madzi. Akuti madzi ayamba kufika. Zina zafa, koma zambiri zipulumuka."

"Zamwa machimo anga a zaka zonsezi," anatero a Dyson. "Zikafa mawa usati ndi damu."

Zelipa anaseka, anapukuta m'maso ndi chitenje chonyowa, kenako nkhope yake inabwerera ku ntchito.

"Ababa, nkhaniyi siithera pano. Lolemba ndikanena zonse ku ofesi, ndipo aitenga ndi anzanga chifukwa ine ndine mwana wanu. Gogo wa malo ano sanadziwe kanthu, ndikanena zimenezo. Mpingo uyankha, inunso dzina lanu likalowa. Likhoza kukhala chenjezo chabe, koma sindikulonjeza."

"Ndinadziwa," anatero a Dyson. "Munthu wangotuluka m'madzi, boma lili kale pagombe."

Sanachotse dzanja la mwana wawo paphewa pawo. Anakhala choncho akuyang'ana anthu akukhuthula dothi m'matumba n'kulibweza pamene analikumba, Abusa Osborne ali patsogolo kulamula ngati nzeru yonse inali yawo.

"Iwe Zelipa."

"Wawa, Ababa."

"Ukakawauza azungu akowo, ukanene zoona zonse. Ukanene kuti damulo silinkadontha."